Liu Limodzi, Matanthauzo Asanu

Mau kwa makolo

Nkhani iyi ndi yaitali. Mwana wa kalasi yoyamba sangaiwerenge yekha. Tikupempha amai, abambo, agogo kapena akulu ake a mwana kuti azimuwerengera gawo limodzi madzulo alionse. Werengani pang'onopang'ono. Mwana akafunsa funso, imani kaye, mukambirane. Pa gawo lililonse mwana aziwerenga zala za dzanja lake. Zala zikakwana zisanu, nkhani yatha.

Gawo 1: Zimene zinacitika pa cigayo

Ana inu, tamverani zimene zinandicitikira ine mphunzitsi wanu.

Tsiku lina Loweruka ndinapita kukagayitsa cimanga pa cigayo cina kuno ku Meponda. Panali mzere wautali wa madengu ndi matumba. Mwini cigayo anali atagula makina atsopano. Pa citsulo ca makinawo panali pepala lomata la mau ofiira. Mauwo sanali a Cinyanja. Sanalinso a Cipwitikizi. Anali a Cingelezi.

Mwini cigayo anandiitana nati, "Aphunzitsi, tatiwerengerani apa. Akuti ciani?"

Ine ndinawerenga. Mau oyamba ndinawamva bwino. Amati, "Musaike dzanja mu..." Koma liu lotsiriza linandivuta. Linalembedwa motere: *hopper*. Polichula timati "hopa".

Ndinakumbukira kuti m'Cingelezi dzina la ciwala limatha ndi liu lomweli. Conco ndinanena mokweza kuti, "Akuti musaike dzanja m'ciwala!"

Anthu onse anaseka. Amai ena anaseka mpaka misozi. Ine ndinacita manyazi.

Pamthunzi panakhala agogo ena aamuna. Iwo sanaseke. Anati, "Aphunzitsi, hopa ndikuidziwa ine. Ndinagwira nayo nchito ku Joni, pansi pa nthaka. Si ciwala ai. Ndi ngolo ya citsulo yonyamula miyala."

Mwini cigayo anapukusa mutu. Anati, "Koma agogo, m'cigayo muno mulibe ngolo."

Taonani tsono. Panali anthu atatu akuluakulu, koma liu limodzi linatigonjetsa. Ndipo mau ofiirawo anali cenjezo. Cenjezo likapanda kumveka, munthu akhoza kuvulala. Conco nditabwerera kunyumba ndinatsegula buku lomasulira mau. Ndinapeza kuti ine sindiname. Agogo aja sananamenso. Liu ili lili ndi matanthauzo ambiri. Tiyeni tiwaone limodzilimodzi.

Gawo 2: Mau athu nawonso amatero

Tisanapite ku Cingelezi, tiyambe ndi cinenero cathu.

Tamverani ziganizo ziwiri izi:

Mwana wakwera mtengo.
Mtengo wa sopo wakwera.

Kodi mtengo woyamba ndi waciwiri ndi umodzi? Iai. Woyamba uli ndi masamba ndi nthambi. Waciwiri ndi ndalama zimene timalipira pogula cinthu. Liu ndi limodzi, koma matanthauzo ndi awiri.

Tamveraninso izi:

Mwezi wawala usiku uno.
Atate abwera mwezi wa mawa.

Mwezi woyamba uli kumwamba. Mwezi waciwiri ndi masiku amene timawerenga. Koma apa pali cingwe cowamanga pamodzi. Makolo athu ankawerenga masiku poyang'ana mwezi wa kumwamba.

Ife a kunyanja tilinso ndi liu lakuti nkhungu. Munthu wa ku mapiri a ku Lichinga akati, "Lero kuli nkhungu," akunena za mtambo woyera umene umatsika pansi m'mawa kukazizira. Koma msodzi wa ku Meponda akaloza pakati pa nyanja nati, "Nkhungu izo," akunena za tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi. Timakwera m'mwamba tambirimbiri ngati utsi. Mphepo ikatibweretsa kumtunda, amai amatikola ndi kukonza ndiwo. Apanso cingwe cilipo. Tizilomboto tikakhala patali timaoneka ngati nkhungu ya m'mawa.

Cipwitikizi naconso cimatero. Liu lakuti *manga* ndi cipatso cimene ife timati mango. Liu lomwelo ndi mkono wa malaya. Ndipo m'Cinyanja tikati "manga", tikuuza munthu kuti amange mtolo kapena nyumba.

Kodi inu mumasokonezeka amai akati, "Manga nkhuni"? Simusokonezeka. Mumaona nkhuni, mumaona luzi, ndipo mumadziwa cocita. Nzeru imeneyi muli nayo kale. Ndi yomweyo imene tigwiritse nchito pa liu la Cingelezi lija.

Gawo 3: Cala coyamba, wodumpha

Imirirani. Kwezani mwendo umodzi. Tsopano dumphani katatu. Zimene mwacitazi m'Cingelezi amati *hop*.

M'Cinyanja, munthu wolima timati mlimi. Munthu wosodza timati msodzi. M'Cipwitikizi amaika *-dor* kumapeto, monga *pescador*, msodzi. Angelezi amaika *-er* kumapeto. Conco *hopper* ndi wodumpha. Cule ndi wodumpha. Ciwala ndi wodumpha. Inunso pamene munadumpha paja munali ahopa.

Anthu a zaulimi amagwiritsa nchito liuli ponena za ana a dzombe. Dzombe limaikira mazira m'nthaka mvula ikayamba. Pakapita pafupifupi mwezi umodzi mazira amaswa. Ana ake amatuluka alibe mapiko. Sangauluke. Amangodumphadumpha m'udzu, akudya ndi kufundula khungu. Pakapita miyezi iwiri kapena kuposerapo amamera mapiko. Pamenepo amatha kuuluka pamodzi ngati mtambo ndi kukatera m'minda ya anthu.

Dzombe lofiira limaswana m'madambo akuluakulu. Ena mwa madambowo ali pafupi ndi nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Chiuta, kum'mwera kwa Niassa, m'malire ndi Malawi. Ena ali ku Buzi ndi ku Gorongosa. Kuyambira 1930 mpaka 1944 dzombe lofiira linaononga minda m'maiko ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa. Ndiye cifukwa cake anthu a zaulimi amayendera madambo kufunafuna ana a dzombe. Nkosavuta kulimbana nalo likadali lodumpha. Likamera mapiko, ndani angalithamangitse?

Pindani cala coyamba. Hopa ndi wodumpha, makamaka mwana wa dzombe.

Gawo 4: Cala caciwiri, mothira cimanga

Tibwerere ku cigayo. Mukapita ndi amai, imani patali ndipo muyang'ane bwino. Pamwamba pa makina pali citsulo cotambalala. Kumwamba ncacikulu, kumunsi ncopapatiza. M'menemo ndimo amathira cimanga. Ico ndico Angelezi amati hopa. M'Cipwitikizi amati *tremonha*.

Nchito yake ndi yotani? Taganizani. Amai abwera ndi ndowa yodzaza. Akakhuthulira cimanga conse m'makina nthawi imodzi, makina angatsamwe. Conco cimanga cimayamba cadikira m'hopa. Kumunsi kuli kakhomo kakang'ono. Wogayitsa amatsegula pang'ono, ndipo cimanga cimalowa pang'onopang'ono. M'kati muli tizitsulo tokhala ngati nyundo. Injini imatizunguza mothamanga kwambiri. Timaphwanya cimanga, ndipo ufa umadutsa pa sefa ndi kutuluka.

Inunso simumeza nsima ya mbale yonse nthawi imodzi. Mumatema mbamu imodzi, kenaka ina. Hopa imadyetsa makina comweco.

Nanga cifukwa ciani citsulo cimeneci cili ndi dzina la wodumpha? Kale ku England kunali zigayo zoyendera madzi a mumtsinje. Madzi ankazunguza gudumu, gudumu linkazunguza mwala waukulu wopera tirigu. Pamwamba pa mwalawo panali bokosi la matabwa lothiramo tirigu. Cigayo cikamayenda, bokosilo linkagwedezeka ndipo tirigu ankadumphadumpha potsika. Akatswiri a mau amaganiza kuti dzinali linacokera pa kugwedezeka kumeneko. Papita zaka zoposa 600 cilembedwere liuli m'mabuku a Cingelezi ponena za cigayo.

Tsopano tamvetsa mau ofiira aja. Amati tisaike dzanja mothira cimanga. Tizitsulo ta m'kati sitidziwa kusiyanitsa cimanga ndi cala. Cimanga cikatsakamira, mwana asakankhe ndi dzanja. Auze wogayitsa, ndipo iye azimitse injini. Musayandikirenso lamba wa injini, cifukwa amakoka nsalu ndi malaya.

Pindani cala caciwiri. Hopa ndi mothira cimanga pa cigayo.

Gawo 5: Cala cacitatu, ngolo ya mu mgodi

Patapita masiku ndinapita kukaceza kwa agogo aja. Ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde. Ndinati, "Agogo, ndabwera kudzaphunzira. Tandiuzani za hopa ya ku Joni."

Iwo anaseka nati, "Lero aphunzitsi asanduka mwana wa sukulu."

Joni ndi dzina limene anthu athu anapatsa mzinda wa Johannesburg, ku South Africa. Mu 1886 kumeneko kunapezeka golide wambiri m'miyala. Kwa zaka zambiri amuna a ku Mozambique, ku Malawi ndi maiko ena ankapita kukagwira nchito m'migodi. Ambiri ankalembedwa ndi kampani yochedwa Wenela. Pobwera ankabwera ndi mabulangete ndi masutukesi. Ankabweranso ndi mau atsopano. Liu lakuti mgodi lomweli linacokera ku Cizulu. Kumeneko *umgodi* ndi dzenje.

Migodi ya golide ndi yakuya kwambiri. Mgodi wa Mponeng, kumadzulo kwa Johannesburg, umatsika pafupifupi makilomita 4 pansi pa nthaka. Nyanja yathu ya Niassa, pamene yazama kopambana, ndi pafupifupi mamita 700. Ndiye kuti mgodiwo ndi wakuya kuposa nyanja yathu kasanu ndi kupitirira.

Agogo anati anthu amatsika pa cikepe, atavala zipewa zolimba zokhala ndi nyali. Pansipo pali njira zazitali zoboola m'thanthwe. Ena amaboola thanthwe ndi makina. Ena amaliphulitsa. Miyala ikasweka iyenera kucotsedwa. M'njiramo muli kanjanji kakang'ono. Pa kanjanjiko pamayenda ngolo za citsulo zomangidwa mndandanda, ndipo kainjini kamazikoka. Ngolo zimenezi ndizo mahopa. Miyala imagwera m'hopa kucokera pamwamba. Ngolo ikafika pa malo okhuthulira, imatseguka kumunsi kapena m'mbali, ndipo miyala imatsika. Kenaka imakokedwa kupita kumtunda.

Miyala ndi yambiri, koma golide ndi wocepa. Taganizani matumba 20 a makilogalamu 50, onse odzaza miyala. Golide wotuluka m'menemo kawirikawiri saposa njere ziwiri za cimanga kukula kwake. Ndiye cifukwa cake mahopa amayenda usana ndi usiku.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, kodi nchitoyo inali yabwino?"

Anakhala cete pang'ono. Kenaka anati, "Ndalama zinalipo. Koma kunali kotentha, ndipo kunali fumbi. Anzathu ena anabwera akutsokomola, ndipo sanacire." Agogo ananena zoona. Fumbi la miyala ya mu mgodi limaononga mapapo, ndipo munthu wotere sacedwa kudwala cifuwa cacikulu.

Hopa ya mtundu uwu ilinso pa njanji zazikulu. Pali mabogi a sitima otseguka kumunsi, onyamula tirigu, malasha kapena miyala. Mukadzapita ku Lichinga, ulendo wa makilomita pafupifupi 60 kucokera kuno, mukaone njanji yocokera ku Cuamba. Ndi yotalika makilomita 262, ndipo inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa. Pansi pa njanji pali miyala yoswa. Mabogi otseguka kumunsi ndiwo amathandiza kuthira miyala yotere: sitima ikuyenda pang'onopang'ono, miyala ikutsika.

Kuno ku Niassa nakonso kuli golide. Ku Lupilichi, kumpoto, pafupi ndi malire a Tanzania, anthu amakumba ndi makasu, mapiki ndi mafosholo. Maenje otere amagumuka, makamaka nthawi ya mvula. Si malo a ana. Malo a mwana ndi ku sukulu.

Kodi mwaciona cingwe? Hopa ya mu mgodi siidumpha. Koma imafanana ndi ya pa cigayo. Zinthu zimalowa pamwamba, zimadikira, kenaka zimatuluka kumunsi.

Pindani cala cacitatu. Hopa ndi ngolo yonyamula miyala mu mgodi.

Gawo 6: Cala cacinai, modikira makadi a kompyuta

Kodi munaonapo kompyuta? Ngati simunaione, munaonapo foni ya m'manja. Foni ija ndi kompyuta yaing'ono. Imawerengera, imasunga maina, imasunga zithunzi.

Makompyuta akale sanali otero. Anali akulu odzaza cipinda conse. Munthu sankalankhula nawo pokhudza galasi ndi cala. Ankalankhula nawo ndi makadi a pepala lolimba.

Mu 1890 boma la United States linkawerenga anthu ake onse. Anthu anali ambiri, ndipo kuwerenga ndi manja kunkatenga zaka. Munthu wina, dzina lake Herman Hollerith, anapanga makina owerenga makadi obooledwa. Bowo la apa linkatanthauza cinthu cina, bowo la apo cinthu cinanso. Makina ankaona pamene pali bowo ndi kuwerengera. Mu 1928 kampani ya IBM inapanga khadi la mizere 80. Mzere uliwonse unkasunga cilembo cimodzi kapena nambala imodzi. Pambuyo pake makompyuta anayamba kugwiritsa nchito makadi omwewo.

Khadi limodzi linkasunga zilembo 80 zokha. Nkhani imene tikuwerengayi ikanafuna makadi oposa 200. Conco munthu ankabwera ndi mulu wa makadi m'bokosi. Kodi kompyuta ikanameza makadi onse nthawi imodzi? Iai. Nayonso ikanatsamwa. Pa makina owerenga makadi panali kabokosi kotseguka pamwamba. Munthu ankasanja makadi m'menemo. Makina ankakoka khadi limodzi, kenaka lina, kenaka linanso, mothamanga kwambiri. Pa mphindi imodzi ankawerenga makadi mazanamazana.

Kabokosi kameneka anakapatsa dzina lanji? Mwadziwa kale. Anakacha hopa.

Makadi ankayenera kukhala mu ndondomeko yake. Loyamba likhale loyamba, laciwiri likhale laciwiri. Munthu akapunthwa ndi kugwetsa bokosi, makadi ankabalalika. Ankayamba kuwasanjanso limodzilimodzi. Nanunso mukalemba dzina lanu, zilembo zimatsatana mu ndondomeko. Mukazisokoneza, dzina limatayika.

M'zaka za m'ma 1980 makadi otere anayamba kutha nchito. Lero amapezeka m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Koma taonani ulendo wa liu ili. Linayamba ndi tirigu. Linanyamula miyala. Kenaka linanyamula zilembo ndi manambala.

Pindani cala cacinai. Hopa ndi modikira makadi pa kompyuta yakale.

Gawo 7: Cala cacisanu, dzina la munthu

Kwathu kuno mau ena ndi maina a anthu. Phiri ndi mtunda wautali, komanso Phiri ndi mfunda wa anthu. Kwa Angelezi nakonso kuli anthu a dzina lakuti Hopper.

Mai Grace Hopper anabadwa mu 1906 mu mzinda wa New York. Dzina lakuti Hopper analitenga kwa amuna awo pamene anakwatiwa mu 1930. Ali mwana wa zaka 7 anafuna kudziwa mmene wochi imayendera. Anamasula wochi imodzi, koma analephera kuibwezera. Anamasula ina kuti aone. Anamasula mawochi 7 amai ake asanadziwe. Amai akewo sanamuletse kufunsa. Anangomusiyira wochi imodzi yoti aziphunzirapo.

Atakula anaphunzira masamu kwambiri, nakhala mphunzitsi wa masamu. Mu 1944 anayamba kugwira nchito pa kompyuta yaikulu yochedwa Mark I, pa sukulu ya ukacenjede ya Harvard.

Mu 1947 kompyuta ina ya pamalopo, yochedwa Mark II, inalakwitsa nchito. Anzawo a Mai Hopper anafufuza m'kati. Anapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika pakati pa tizitsulo. Anakacotsa ndi kukamata m'buku lao la nchito. Bukulo likusungidwa mu mzinda wa Washington. Mai Hopper ankakonda kufotokoza nkhani imeneyi, cifukwa m'Cingelezi colakwika ca m'makina amacicha *bug*, ndipo liu lomwelo limatanthauza kacilombo. Tsiku limenelo matanthauzo awiri anakumana pamalo amodzi.

Koma nchito yao yaikulu inali ina. Masiku amenewo munthu ankalamula kompyuta ndi manambala ndi zizindikiro zovuta. Anthu ocepa okha ndiwo ankatha. Mai Hopper anaganiza kuti munthu azilemba malamulo m'mau amene amawadziwa, ndipo makina azimasulira okha. Ambiri anati nzosatheka. Iwo sanaleke. Nzeru zao zinathandiza kupanga cinenero ca makompyuta cochedwa COBOL mu 1959. Mabanki ambiri pa dziko lapansi anacigwiritsa nchito, ndipo ena akucigwiritsabe. Mai Hopper anamwalira mu 1992. Mu 2022 kampani ya Nvidia inapatsa dzina lakuti Hopper tizipangizo take tatsopano ta m'makompyuta, powakumbukira.

Atsikana inu, mwamva? Masamu si a anyamata okha.

Pindani cala cacisanu. Hopper ndi dzina la munthu. Mukaliona lili ndi cilembo cacikulu pakati pa ciganizo, dziwani kuti ndi dzina.

Gawo 8: Tingadziwe bwanji tanthauzo loyenera?

Tambasulani dzanja lanu. Tiwerengenso:

1. wodumpha, monga mwana wa dzombe
2. mothira cimanga pa cigayo
3. ngolo ya miyala mu mgodi
4. modikira makadi pa kompyuta yakale
5. dzina la munthu

Pa cigayo paja ine ndinali ndi cala cimodzi cokha. Agogo analinso ndi cala cimodzi. Aliyense anaganiza kuti cala cake ndico dzanja lonse. Apo ndi pamene tinalakwa.

Mukakumana ndi liu lacilendo, kaya la Cinyanja, la Cipwitikizi kapena la Cingelezi, citani zinthu zitatu izi.

Coyamba, dzifunseni kuti, "Kodi ndili kuti?" Pa cigayo palibe dzombe. Mu mgodi mulibe cimanga. Malo amathandiza kudziwa tanthauzo.

Caciwiri, mverani mau oyandikana nalo. "Wakwera mtengo" ndi "mtengo wakwera" si cinthu cimodzi. Mau amathandizana ngati asodzi pokoka khoka.

Cacitatu, funsani. Funsani amai, atate, agogo kapena aphunzitsi. Akulu anati, safunsa anadya phula. Ine ndinafulumira kuyankha ndisanafunse, ndipo ndinasekedwa.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku cigayo ndi katoni ndi cholembera cacikulu. Ndinalemba m'Cinyanja kuti: MUSAIKE DZANJA MOTHIRA CIMANGA. M'munsi mwake ndinalemba m'Cipwitikizi kuti: NÃO META A MÃO NA TREMONHA. Mwini cigayo anakhoma katoniyo pakhomo. Agogo aja analipo. Anapempha mdzukulu wao kuti awawerengere. Mtsikanayo anawerenga mau a Cinyanja pang'onopang'ono, akuloza cilembo ciliconse ndi cala. Amai amene anali pa mzere anamva onse.

Agogo anati, "Eya, tsopano zamveka."

Mafunso

1. Kodi mau ofiira a pa cigayo amatiletsa ciani?
2. Chulani matanthauzo awiri a liu lakuti mtengo.
3. Cifukwa ciani ana a dzombe sauluka?
4. Kodi hopa ya pa cigayo ndi ya mu mgodi zikufanana bwanji?
5. Kodi Mai Hopper anamasula mawochi angati ali mwana?
6. Mukamva liu lacilendo, mucite zinthu zitatu ziti?

Nchito ya kunyumba

1. Jambulani dzanja lanu pa pepala kapena pa mcenga. Pa cala ciliconse jambulani cinthu cimodzi: dzombe, cigayo, ngolo, khadi la mabowo, ndi mai.
2. Pindani tsamba la nthoci kapena pepala kuti likhale lalikulu kumwamba ndi lopapatiza kumunsi. Thiranimo mcenga wouma. Onani mmene ukutulukira. Kenaka kulitsani bowo. Casintha ndi ciani?
3. Funsani agogo liu limodzi la Cinyanja lokhala ndi matanthauzo awiri. Yambani ndi liu lakuti kamba. Mubwere nalo ku sukulu Lolemba.

Kwa makolo

Ngati m'banja mwanu muli munthu amene anagwira nchito ku migodi, pa njanji, pa cigayo kapena pa bwato, mupempheni auze ana mau a pa nchito yake. Mau amenewo sapezeka onse m'mabuku athu. Mwana akabwera nawo, tidzawalemba pa bolodi ndi kuwaphunzira tonse. Ndipo mukatuma mwana ku cigayo, mukumbutseni za zala zake zisanu. Apite nazo zonse, abwere nazo zonse.